Wowongola Mivi wa ku Romford

Chifundo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito imene ndinkagwira titangofika kuno, chifukwa ndikamafotokoza pakamwa mumandiyankha m'Chingerezi ndipo nkhani imathera m'kuseka. Tsopano nthawi ndili nayo, mawondo okha ndiwo andithawa. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakuvuteni mukafunse amayi anu, koma musakakhulupirire zonse zimene akakuuzeni zokhudza ine.

Nchalo, 1974 mpaka 2002

Ntchito yanga yoyamba inali ya mapaipi. Ndinalembedwa ndili ndi zaka makumi awiri kugalaja ya amakaniko a m'minda ya nzimbe, ndipo gawo langa linali la mapaipi a aluminiyamu othirira. Anali aatali, opepuka, ndipo thirakitala ikawaponda kapena antchito akawaponya mwamphwayi pangolo ankapindika. Kapitawo wathu, a Gondwe, munthu wamfupi wosakonda zolankhulalankhula, sankalola kuti paipi itayidwe isanadutse m'manja mwawo. Ankaigoneka pa simenti yosalala n'kuigubuduza ndi phazi, khutu atatchera. "Usaiyang'ane, imvere," ankatero. "Yowongoka imayenda chete. Yopindika imadandaula." Kenako ankandionetsa popanikiza, pang'onopang'ono, chifukwa aluminiyamu ukamukakamiza amakwinyika, ndipo akakwinyika ndiye kuti watha. Ndinakhala pa mapaipiwo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, mpaka nanenso ndinakhala kapitawo, ndikugubuduza mapaipi ndi phazi ngati a Gondwe.

Barking, 2003

Amayi anu anabwera kuno ku London mu 2002, nthawi imene zipatala za kuno zinkafuna anamwino, ndipo anapeza malo pachipatala chachikulu cha ku Romford. Ife atatu tinawatsatira chaka chotsatira. Tinkakhala ku Barking, pamwamba pa shopu yochapira zovala, m'zipinda zimene zinkanjenjemera makina akayamba kuzungulira pansipo. Ine amene ndinali kapitawo wa anthu khumi ndi awiri ndinasanduka wokolopa maofesi m'mamawa, masana onse n'kumayang'ana mabasi pawindo. Pamaso panu sindinkadandaula, koma amayi anu ankaona.

Lachitatu lina iwo anaiwala chakudya chawo chamasana, ndiye ndinakwera basi kukawasiyira kuchipatala. Pobwerera ndinasochera, ndinalowa kamsewu kakuseri kwa msika wa Romford, ndipo pawindo la kashopu kena ndinaona kapepala kolembedwa ndi bolopeni: akufuna munthu wa manja odekha, zaka zake zilibe kanthu. Ndinkayesa n'kogulitsa mbedza ndi ndodo zowedzera. Nditalowa ndinapeza mauta ali ndandanda pakhoma, ena amatabwa, ena achitsulo okhala ndi timawilo, ndipo kuseri kwa kauntala kunali mzungu wachikulire, wamtali, atavala juzi yobooka m'zigongono. Amenewo ndiwo a Harold, eni shopu. Ankagulitsa zida za anthu amene amalasa chandamale ndi uta ngati masewera.

"Mwachokera kuti?" anandifunsa.

"Ku Malawi, bwana."

Nkhope yawo inawala. "Ndiye uta mumaudziwa bwino!"

"Bwana, uta ndauona kawiri. Koyamba kumyuziyamu ku Blantyre, kachiwiri pano."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandifunsa chimene ndinkadziwa, ndipo nditatchula mapaipi anasiya kuseka. Anatenga muvi umene kasitomala wina anasiya kuti utayidwe n'kundipatsa. Nditangoukhudza ndinamuzindikira mnzanga wakale: inali paipi ya aluminiyamu, kungoti yowonda ngati pensulo. Ndinaugoneka pagalasi la kauntala, ndinaugubuduza ndi chikhatho, ndipo unadandaula ndithu, ka, ka, ka. Ndinapeza pokhotapo, ndinapanikiza ndi zala zazikulu kanayi kapena kasanu, ndinaugubuduzanso. Unayenda chete. A Harold anauika pa kachipangizo kawo kokhala ndi singano ngati ya wotchi, n'kuuzunguza. Singano sinagwedezeke. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Dzina lanu?" "Lameki." "Lam, mungayambe Lolemba?"

Amayi anu atamva anakhala pampando osavula n'komwe nsapato. "Bambo a Chifundo, takwera ndege ulendo wonse uja kuti mudzapange mivi? Kumudzi ndikawauza chiyani?" Kutchalitchi nkhani inafika ine ndisanafike. A Bwalya, mnzanga wa ku Zambia amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, anandichingamira pakhomo. "Imwe a mudala, nimvela ati mupanga mivi. Muzalasa chani muno mu London, nkhunda za pa siteshoni?" Kuyambira tsiku limenelo Amalawi a kuno anayamba kunditchula kuti a Mivi, ndipo mukudziwa kuti mpaka lero ena dzina langa lenileni salidziwa.

Romford, 2004 mpaka 2005

Benchi yanga inali kuchipinda chakumbuyo, chozizira ngati mochale. Timapaipi ta mivi tinkachokera ku America tili topanda kanthu, kalikonse kali ndi nambala yosonyeza kunenepa kwake ndi kukhuthala kwa khoma lake. Munthu akabwera, a Harold ankayeza kutalika kwa mkono wake ndi mphamvu ya uta wake, n'kusankha nambala. Muvi wofewa kwambiri umayenda modzandira ngati woledzera, wolimba kwambiri umathawira kumbali. Ine ndinkadula ndi kasowo kamagetsi, kumata nsonga yachitsulo kutsogolo, kamphanda kolowa mu nsinga ya uta kumbuyo, ndi nthenga zitatu zapulasitiki. Mivi khumi ndi iwiri inkayenera kufanana ngati yobadwa m'mimba imodzi. Miyezi yoyamba ndinamata zala zanga ndi guluu koposa mmene ndinamatira nthenga, koma a Harold sankakalipa. Ankangobwera ndi tiyi n'kunena kuti, "Chotsani, muyambirenso." Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu ameneyu, ngakhale mwambiwu sankaudziwa, ankautsatira kuposa ife eni ake.

Mwa makasitomala onse, amene sindingawaiwale ndi mayi Pauline. Anali atapuma ntchito yoyendetsa basi, mawu awo ankamveka asanatsegule chitseko, ndipo anali mlembi wa kalabu ina ya olasa mivi. Tsiku lina anasuzumira kubenchi kwanga. "Lam, inu mumaphika chakudya chimene simunalawepo. Lamlungu mubwere kubwalo." Ndinawauza kuti Lamlungu ndimapita kutchalitchi. "Mulungu amaweruka nthawi yanji?" anafunsa. Ndinati cha m'ma wani koloko. "Chabwino, ife timayamba thuu."

Bwalolo linali la sukulu ina, ndipo kalabu inkangobwereka. Mkati mwa sabata ndi Loweruka ana ankaseweramo mpira. Muvi wanga woyamba sunakhudze chandamale ngakhale m'mphepete. Unadutsa pamwamba n'kukalowa pansi pa udzu, osaoneka n'komwe. Ndinati tiusiye, ndikadula wina kushopu. Anthu onse anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mayi Pauline anatulutsa makina ofufuzira zitsulo, aja okhala ndi mbale kumapeto kwa ndodo, n'kundikoleka m'manja. "Pano lamulo ndi limodzi," anatero. "Mivi imene yatuluka m'phodo ibwerere m'phodo. Palibe wopita kwawo mpaka wapezeka. Mawa pano padzagwa mwana wa munthu akuthamangira mpira." Tinausaka agogo asanu ndi awiri pamodzi ndi ine, mvula ikuwaza, mpaka makina analira. Tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake kalabu imeneyi sinkalola muvi wina uliwonse koma wokhala ndi aluminiyamu: makina amaumva ngakhale utabisala chotani.

Ndikunena zimenezi chifukwa kunali mtundu wina wa mivi umene unkachulukirachulukira, ya kaboni. Inali yakuda, yowonda, yopepuka, yothamanga, ndipo mphepo sinkaikankha kwambiri. Achinyamata ankaikonda, ndipo sankalakwa, chifukwa polasa patali inkachita bwino. Koma makina aja kaboni samumva, ndipo akathyoka amasiya tizibenthu tonga minga tolowa m'thupi mosavuta. A Harold ankaigulitsa koma monyinyirika. "Aluminiyamu akapindika amakupatsa mpata womuwongola," ankatero. "Kaboni ali ngati malemu akazi anga: ali bwinobwino, kapena zathera pomwepo."

Chaka cha kusowa, 2006

Chaka chimenechi manambala ena a aluminiyamu anayamba kusowa. Tikaitanitsa tinkadikira masabata, nthawi zina miyezi, kenako kalata n'kubwera yonena kuti nambala yakuti sakupanganso. Munthu amene walasa ndi nambala imodzi kwa zaka makumi awiri, akataya mivi iwiri, ankabwera ngati wofedwa. Kumusinthira nambala kunali ngati kumuuza kuti ayambe kulemba ndi dzanja lamanzere. Ndiye ndinayamba kutola. Muvi uliwonse umene munthu ankafuna kutaya ndinkaupempha, ndinkauwongola, ndinkauchotsa nthenga zakale n'kuusunga m'kabati imene a Harold anaitcha ya ana amasiye. Wina akabwera kudzafuna nambala yosowa ndinkatsegula kabatiyo, ndipo nthawi zambiri wamasiye ankapeza banja. Bambo wina wopuma ntchito ya positi, nditamupezera itatu yofanana ndendende ndi yake, anandikumbatira mwamphamvu moti magalasi anga anagwa pansi. Mzungu wa kuno kukumbatira munthu masana dzuwa likuswa mtengo, mukudziwa nokha kuti si zachizolowezi.

Chakumapeto kwa chaka a Harold anamva kuti shopu ina ya mivi kufupi ndi nyanja ikutsekedwa. Tinanyamuka awiri pa vani yawo yakale, imene chitseko changa chinkamangidwa ndi nsinga ya uta. Tinapeza mwini wake atasunga timapaipi ta aluminiyamu m'chipinda chapansi, manambala onse, ngakhale aja tinkayesa kuti anatha padziko. Tinabwerako ndi mabokosi anayi aakulu, a Harold akuimba njira yonse ndi mawu amene Mulungu sanawalengere kuimba. "Lam, izi zitifikitsa kumanda," anatero. Ndinawapempha kuti ayang'ane kaye msewu, tisafikeko tsiku lomwelo.

Chaka cha Gavin, 2007

Kumayambiriro kwa chaka a Harold anagwa pamakwerero n'kuthyoka m'chiuno. Madokotala anati kuima tsiku lonse kwatha, ndiye shopu anaipereka kwa Gavin, mwana wa mlongo wawo, wa zaka za m'ma sate, amene kale ankagulitsa mafoni. Ndikufuna mumve bwino: Gavin sanali munthu woipa. Ndiye anandigulira hita yotenthetsera chipinda chakumbuyo, ndiye anandiphunzitsa kompyuta, ndipo atayamba kugulitsa pa intaneti shopu imene inkawodzera inadzuka. Koma ankathamanga, ndipo kwa iye aluminiyamu anali nkhalamba imene yakhala pampando wa wina.

Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi anandiitana kukauntala. "Lam, Loweruka mayi Pauline akubwera kudzagula mivi ya ophunzira atsopano a kukalabu kwawo, yambiri ndithu. Mudzawauze kuti aluminiyamu watha, ndipo ya kaboni yotchipa imene ndabweretsa ili ndi nsonga zachitsulo, makina awo adzazimva. Ine sangandikhulupirire, koma inu amakumverani."

"Nanga mabokosi anayi aja?"

"Amenewo ndikukambirana ndi munthu wa kunja, atenge onse pamodzi. Benchi yanu ichoka, pakhala tebulo lopakirapo katundu. Inu mukhala woyang'anira opakira, ndipo malipiro akwera. Aluminiyamu akupita, Lam. Tisapite naye limodzi."

Chovuta chinali chakuti bodzalo silinali lathunthu. Nsonga yachitsulo makina amatha kuimva. Koma muvi ukathyoka nsonga imapita kwina, thupi lake n'kutsala mu udzu, lakuda, losamveka, lodzaza minga. Ndipo aphunzitsi aakulu a sukulu ija anali atachenjeza kale kalabu kuti muvi umodzi wokha ukadzapezeka pabwalo, kalabu idzasamuke.

Madzulo ndinawapeza amayi anu akusita yunifolomu, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anaimika ayironi. "Chaka chino ndi chimene tikufunsira makalata okhazikika m'dziko lino. Chifundo akulowa kuyunivesite. Lenti mukuidziwa. Inu mukufuna muchotsedwe ntchito chifukwa cha zoseweretsa za azungu opuma ntchito?" Ndinati nkhani si azunguwo ayi, ndi ana osewera mpira. Anandifunsa mmene kaboni amathyokera, ndipo nditawafotokozera anamvetsa msanga, chifukwa iwo ndiwo amadziwa ntchito yozula tinthu totere m'bondo la mwana. Kenako anapitiriza kusita. "Ine sindikuuzani chochita. Koma mukakanama ndidzadziwa, chifukwa inu mukanama simudya."

Lachisanu nditaweruka ndinapita kwa a Harold. Ndinawapeza akuphunzira kuyenda ndi chogwirizira, akuchitukwana pa sitepe iliyonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Shopu si yanganso, Lam. Ndikalowerera lero, Gavin sadzaimanso payekha. Pakamwa ndi panu." Ndinabwerera ndili wolemedwa kuposa mmene ndinapitira.

Loweruka mayi Pauline analowa ndi phokoso lawo lija. Gavin anayala mivi yakuda pakauntala, anafotokoza bwino kwambiri, moti nanenso ndinatsala pang'ono kugula. Mayiwo anamvetsera, anaunyamula umodzi, anauyang'ana, kenako anatembenukira kwa ine. "Lam, ndi zoona? Aluminiyamu watha? Makina athu aimva iyi?"

Gavin sanandiyang'ane. Ankangolinganiza mivi imene inali yolingana kale. Ndinakumbukira zipinda zathu zonjenjemera zija, ndi kukolopa kuja. Kenako ndinangomva mawu anga akutuluka. "Mayi, nsonga makina adzaimva. Koma muvi ukathyoka, chotsalacho sadzachimva, ndipo chimabaya. Pabwalo lanu lija ine sindingaiponye. Aluminiyamu alipo, mabokosi anayi, kumbuyoku."

Mayi Pauline anaika muvi uja pansi pang'onopang'ono ngati dzira. "Ndiye mundidulire ya aluminiyamu," anatero, akuyang'ana Gavin. Iye analemba oda mwaulemu, anawaperekeza mpaka pakhomo, n'kubwerera. Sanakalipe. "Mumalize oda imeneyi, Lam. Mukamaliza, mudzatenge jekete lanu. Sindingagwire ntchito ndi munthu wondichititsa manyazi pamaso pa kasitomala." Ndinamuuza kuti ndamva. Ndinatenga sabata yathunthu pa mivi imeneyo, ndipo sindikuganiza kuti ndinapangapo ina yokongola kuposa iyo. Madzulo a Loweruka limene ndinayankha mayi Pauline lija ndinadya mbale ziwiri, amayi anu akundiyang'ana.

A Bwalya ndiwo anandipulumutsa. Anandipezera ntchito yochapa zofunda kunyumba ya okalamba ija ya ku Edmonton, mabasi awiri popita, awiri pobwera. "A mudala, manje mwasiya kulasa, muyambe kupinda mashiti," anatero. Koma mivi sinandisiye. Mayi Pauline anali atauza aliyense wa makutu, ndipo anthu anayamba kukwera masitepe athu a ku Barking ndi mivi yopindika yokulunga m'manyuzipepala. Ndinkaiwongolera pa tebulo lagalasi lapabalaza. Ukukumbukira, Tadala, tsiku lija unatenga ambulera pakona uli pachangu chopita kusukulu, n'kutuluka nawo mivi itatu itakodwa m'menemo? Amayi anu anati nyumba yasanduka ya asilikali a Chaka, mfumu ija ya nkhondo, ndipo tsiku lina apolisi adzatifunsa.

Ndinakhala choncho miyezi isanu. Mu Okutobala, kukuyamba kuzizira, Loweruka lina masana tinamva kugogoda. Anali Gavin, chala chachikulu chili m'bandeji. Amayi anu anamulowetsa, anamukhazika pampando, anamuikira tiyi ndi mandasi, kenako ngati namwino anamuvula bandejiyo osapempha. "Guluu wotentha," iwo anatero. Gavin anavomera ndi mutu. Nkhani yake inali iyi: munthu wa kunja uja anasintha maganizo, mabokosi anali pomwepo. Nyengo yozizira ikafika olasa mivi amalowa m'maholo, kumene amalasa pafupi ndipo kulibe mphepo, ndipo kumeneko ambiri amafuna aluminiyamu wonenepa, woboola bowo lalikulu lokhudza mzere wa mapointi. Makalabu obwereka mabwalo a masukulu nawonso ankaitanitsa. Maoda anaunjikana, ndipo wodula ndi kumata panalibe. Anayesa yekha, zotsatira zake ndi chalacho.

"Ndinathamanga, Lam," anatero, akuyang'ana m'kapu. Kupepesa kwake kunathera pamenepo, ndipo ine kunandikwanira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere kubwerera kushopu, koma amayi anu ananditsogolera. "Abwera Lolemba. Koma zitatu: hita ikhalepo, Lamlungu sagwira ntchito, ndipo musadzawapemphenso kunena zimene sizili." Gavin anati wamva. Anatenganso ndasi lachitatu.

Romford, 2008 mpaka 2009

Ndinabwerera, koma musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Benchi yanga inakankhidwira pakona, tebulo lopakira linatenga malo aakulu, ndipo Gavin sanalakwe pa za kumene madzi ankalowera. Maoda ambiri anali a kaboni, ndipo ndinaphunzira kuidula nditavala chophimba pamphuno chifukwa fumbi lake ndi loipa. Manambala a aluminiyamu anapitiriza kuchepa. Koma sanathe. Ophunzira atsopano, olasa m'maholo, makalabu a mabwalo obwereka, ndi nkhalamba zosafuna kusintha, onsewa ankabwera kupakona panga. Ine ndi Gavin tinazolowera kukangana mwachibale. Iye akalandira bokosi la kaboni ankafuula kuti, "Lam, tsogolo lafika!" Ine ndikalandira langa laling'ono ndinkayankha kuti, "Bwana, agogo akadali moyo!" A Harold ankabwera Lachisanu lililonse ndi ndodo yawo kudzamwa tiyi ndi kutsutsa tonse awiri.

Chimene sindinkachiyembekezera chinachokera m'nyumba mwanga momwe. M'chilimwe cha 2008 kalabu inakonza tsiku la mabanja, ndipo mayi Pauline anaumiriza amayi anu kuti abwere. Anabwera atavala za kutchalitchi, chikwama pamkono, atanenetsa kuti iwo adzangoonerera. Mayi Pauline anawalanda chikwamacho n'kuwapatsa uta. Muvi woyamba unagwa m'mphepete mwa chandamale. Wachiwiri unayandikira. Wachitatu unalowa pakati penipeni, pachikasu, pamene ine ndinatenga miyezi inayi kuti ndipafike. Anatembenuka, anandiyang'ana, n'kufunsa kuti, "Bambo a Chifundo, ndi zimenezi basi?" Munthu wozolowera kupeza mtsempha pamkono wa khanda, chandamale chachikulu ngati chitseko sichingamuvute. Pasanathe chaka ankandiposa pa mtunda uliwonse, ndipo ankasinthana mashifiti ndi anzawo kuti Lamlungu masana akhale omasuka. A Bwalya atamva anagwira kumutu. "Manje mu nyumba mwanu simungayambane, a mudala. Ni ngozi."

Mu 2009 anayamba kulasa patali kwambiri, ndipo mivi imene ndinawapangira inkakankhidwa ndi mphepo. Tsiku lina akuchotsa mbale patebulo anati, "Ndikufuna mivi ina." Ndinati ndiwadulira yowonda pang'ono. "Ayi. Ndikufuna yakuda ija." Ndinaika supuni pansi. Ndinawakumbutsa za ntchito yanga imene inatha, za mabasi anayi a ku Edmonton, za mashiti. Ndinati m'nyumba ya a Mivi simungalowe kaboni, komanso kukalabu sakawalola. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. "Mwamaliza? Ndafunsa kale a Pauline. Pali ina yosakaniza, kunja kaboni, mkati aluminiyamu. Makina amaimva, ndipo kukalabu amailola. Ndaitanitsa kale kwa Gavin, ifika Lachiwiri. Inu mudzangodula."

Mivi imeneyo ndinkaidziwa. Inali ya akatswiri, yodula, ndipo ndinkaidula mwa apo ndi apo, osaiganizira kwambiri. Lachiwiri Gavin anabweretsa bokosilo yekha kubenchi kwanga, akumwetulira mpaka m'makutu. "Oda ya kasitomala wovuta, Lam. Musalakwitse." Ndinayeza kawiri, ndinavala chophimba pamphuno, ndinadula woyamba. Kenako ndinautembenuza n'kuyang'ana podulapo, nditauloza kuwindo. Mkati mwa khungu lakuda lija munali kamkombero koyera, kowala, kopyapyala ngati chikhadabo.

"Mukuyang'ana chiyani?" anafunsa Gavin.

Ndinamupatsa kuti aone yekha. Anatsinzina diso limodzi, anayang'anitsitsa, n'kuyamba kuseka.

"Si uyo aluminiyamu," ndinatero. "Wangovala jekete."

Ndinadula khumi ndi umodzi yotsalayo, ndinamata nthenga zofiirira zimene amayi anu anasankha, ndipo pa muvi uliwonse ndinalemba zilembo za dzina lawo, monga lamulo la kalabu limafunira. Lamlungu lotsatira anandigonjetsa nayo pamaso pa anthu onse, ndipo ine ndi amene ndinawanyamulira phodo popita kukakwera basi.